Nyemba ziwiri m'thumba: mmene sickle cell imalowera m'banja

[Pa Chitakale m'mawa, chiperoni chakuta phiri la Mulanje]

Kukazizira chonchi mu June, pali ana amene amachezera kulira. Zala zatupa, mafupa akuwawa, maso achikasu. Kuchimuna amati ndi magazi a kwa mayi, agogo akuchikazi amati mwana amulodza. Onsewa alakwa, amenewa ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, ndipo ndikuonetsani ndi nyemba.

[Matumba awiri patebulo]

Thumba ili ndi bambo, ili ndi mayi. Lililonse muli nyemba yofiira, imene madokotala amaitcha A, ya magazi abwinobwino, ndi yoyera, S, ya sickle cell. Makolo onsewa ndi AS: sadwala, amathyola tiyi tsiku lonse osadziwa kanthu. Mwana amatenga nyemba imodzi uku, imodzi uku. Ndapisa. Yofiira ndi yoyera, ameneyu wafanana ndi makolo ake. Ndibwezere, ndipisenso. Zoyera zokhazokha. Uyu ndi SS, ndiye wodwalayo.

Mwaona kuti ndimabwezera nyembazo? Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Akamva kuti ndi mwayi umodzi pa 4, amati woyamba wadwala, atatu otsatira apulumuka. Ayi ndithu. Mimba iliyonse imayambira pomwepo, ndipo yoyerayo iyenera kuchokera mbali zonse ziwiri.

Vuto lenileni ndi kachilembo kamodzi kamene kanasintha mu jini, malangizo otengera kwa makolo, yopanga hemoglobin, imene imanyamula mpweya m'magazi. Maselo ofiira a magazi, m'malo mokhala obulungira, amapindika ngati zenga lomwetera udzu n'kumatseka timitsempha. Abwinobwino amakhala masiku 120, awa amafa pa masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake mwana magazi amamuthera pafupipafupi.

Nanga bwanji S ndi wofala kuno ku Africa? Malungo. Mu 1954 wasayansi Anthony Allison anaonetsa kuti a AS amatetezeka ku malungo aakulu. Koma sikutetezeka kotheratu, osati muchotse neti.

[Namwino akubaya khanda kuchidendene]

Kuyeza kumangofuna kadontho ka magazi, kuchidendene kwa khanda kapena kuchala kwa wamkulu, ndipo yankho limabwera AA, AS kapena SS. Khanda la SS limabadwa looneka bwino chifukwa magazi amene linali nawo m'mimba mwa mayi ake amakhala akulitetezabe, zizindikiro zimayamba cha pa miyezi 6. Kudikira kuti atupe kaye n'kuchedwa. Akadziwika msanga amayamba mankhwala a penicillin, katemera onse, mankhwala oteteza malungo, ena mankhwala a hydroxyurea. Kunyumba, madzi akumwa ambiri ndi juzi kukazizira. Thupi likangotentha, kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati m'banja mwanu muli mwana woikidwa magazi kawirikawiri, kafunseni za sickle cell kuchipatala cha boma, angathenso kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Abambo, musangoperekeza n'kudikira pansi pa mtengo. Lowani, akubayeni chala inunso.