Kulowetsa pulani ya papepala mu AutoCAD osasokoneza miyeso

Moni nonse, ndikhulupirira mwaswera bwino. Ndati ndingolankhula m'malo molemba, chifukwa nkhani ya zithunzi mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta, ndi yotalikirapo, ndipo ambiri mukukodwa pamalo amodzimodzi. Munthu wakubweretserani pulani yakale ya papepala, akufuna kuwonjezera zipinda panyumba yake, fayilo ya AutoCAD, imene timati DWG, palibe. Mwapanga sikani, mwapeza JPG. Ndiye mutani nayo?

Muyambe mwadziwa chimene muli nacho. Mzere umene mumajambula nokha mu AutoCAD, kompyuta imaudziwa kuti wayambira apa, wathera apo, kutalika kwake ndi kwakuti. Imeneyo ndiye vector. Koma JPG, PNG ndi TIFF ndi raster, timadontho tambirimbiri tondandalikana, ma pixel aja. Inu mukuona khoma, kompyuta ikungoona timadontho takuda pakati pa toyera. N'chifukwa chake object snap, chida chimene chimakugwirirani nsonga zenizeni za mizere, siigwira pangodya ya khoma la pachithunzi. Musaiimbe mlandu, ilibe choti igwire.

Popanga sikani, 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndi yokwanira pa mapulani ambiri. Pepala la A1 ndi mamilimita 594 kwa 841, ndiye pa 300 dpi timadontho timafika pafupifupi 70 miliyoni. Mukakweza kufika pa 600 dpi, timadontho timachuluka kanayi, kompyuta imayamba kukwawa, pomwe palibe chatsopano chimene mwaona. Pulani ya mizere yakuda yokhayokha muisunge ngati TIFF kapena PNG, chifukwa JPG imasiya litsiro m'mbali mwa mizere ndi manambala. Zojambula ndi foni ndimazikana. Foni ikapendekeka pang'ono chabe, mbali ina ya nyumba imakula, ina n'kuchepa.

Tsopano, musanatsegule AutoCAD, ikani chithunzicho mu foda imodzi ndi DWG yanu, ndipo DWG imeneyo muyambe mwaisunga. Pangani layer yakeyake ya chithunzi, kutanthauza gulu lapadera limene mungathe kulibisa kapena kulikhoma palokha. Kenako lembani IMAGEATTACH, sankhani fayilo ija, ndipo pamene palembedwa Path type musankhe Relative path. Chifukwa chake ndichinena kumapeto. Dinani penapake kuti chithunzi chikhale. Za kukula kwake musade nazo nkhawa panopa, chifukwa sikuli kolondola ayi.

Apa ndiye pagona nkhani, mumvetsere bwino. Fufuzani papulanipo muyeso wolembedwa ndi manambala, wautali kuposa yonse. Osati wa chitseko. Mukalakwitsa pang'ono pa muyeso waufupi, kulakwitsako kumakula nyumba yonse. Tiyerekeze kuti pali khoma lolembedwa 12000, ndipo inu mukujambula m'mamilimita. Lembani SCALE, sankhani chithunzi podina pa mkombero wake, Enter. Base point, malo amene sasuntha pokulitsa, muike kumene muyeso uja wayambira. Ikakufunsani scale factor, musalembe nambala, lembani R, kutanthauza Reference. Dinaninso poyambira paja, dinani pothera, kenako lembani 12000, Enter. Basi, khomalo tsopano ndi mamita 12 enieni.

Podinapo muyandikitse kwambiri, mpaka timadontho tizioneka. Muona kuti mzere umene unkaoneka wowonda papepala ndi chimzere chonenepa. Taganizani, pa sikelo ya 1:100, cholembera cha theka la milimita chimaimira mamilimita 50 pakhoma lenileni. Mukadina m'mphepete mwa kumanzere mbali ino, n'kudina m'mphepete mwa kumanja mbali inayo, mwasemphanitsa kale. Dinani pakati pa mzere, mbali zonse ziwiri.

Ngati pepala linapendekeka mu sikana, gwiritsani ntchito ALIGN m'malo mwa SCALE. Jambulani kaye mzere wowongoka wa 12000, kenako muuze ALIGN kuti nsonga iyi ya pachithunzi ipite pansonga iyi ya mzere, inayonso chimodzimodzi. Ikafunsa ngati isinthenso kukula, vomerani. Imawongola ndi kukulitsa nthawi imodzi.

Ndiye pali chinthu chimene ambiri amadumpha. Mwakonza muyeso wopingasa, yezaninso wina wochoka m'mwamba kutsika, polemba DIST, imene imayeza kutalika. Mapepala akale amakwinyika, amafutukuka ndi chinyezi, mopindidwa muja mumadya mamilimita, ndipo sikana yokoka pepala imatha kulitalikitsa mbali imodzi. Mupeza kuti chipinda cholembedwa 4500 chikukupatsani 4460. Zikatero, mverani nambala yolembedwa. Chithunzi chikuuzeni kuti khoma lili chapati, koma kutalika kwake mulembe nokha pa kiyibodi. Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinangolondola mizere ndi maso nyumba yonse, zikuoneka bwinobwino, koma powonkhetsa zipinda sizinkafanana ndi kutalika kwa nyumba, mpaka ndinayambiranso.

Kuti muziona mizere yanu, lembani IMAGEADJUST, mukweze Fade kufika chapakati kuti chithunzi chizimiririke. Chikaphimba zimene mwajambula, lembani DRAWORDER, muchitumize kumbuyo. IMAGECLIP imakuthandizani kudula mbali zosafunika, monga m'mphepete mong'ambika, ndipo siiwononga fayilo, imangobisa. Mukakhutira ndi pamene chili, khomani layer ija. Chithunzi chikasuntha mwangozi muli pakati pa ntchito, simudziwa msanga.

Wina anafunsa ngati pali njira yoti kompyuta isandutse yokha chithunzi kukhala mizere. PDFIMPORT, imene inabwera mu AutoCAD 2017, imatero pokhapokha ngati PDF ili ndi mizere ya vector. PDF yochokera ku sikani m'kati mwake ndi chithunzi basi, ilowanso ngati chithunzi. Autodesk, kampani yopanga AutoCAD, ili ndi pulogalamu ya Raster Design yothandiza pa ntchito imeneyi, komabe mumafunika kuyendamo n'kukonza. Pa nyumba ya zipinda zochepa, ine ndimaona kuti kujambula ndi manja kumafulumira.

Tibwerere ku Relative path ija. Chithunzi sichilowa m'kati mwa DWG, AutoCAD imangosunga njira yokachipezera. Mukatumiza DWG yokha, mnzanu akatsegula apeza mkombero wopanda kanthu ndi dzina la fayilo, ayamba kukuimbirani foni. Choncho tumizani foda yonse, kapena lembani ETRANSMIT kuti imange zonse pamodzi mu ZIP. Chithunzi chikasowa pa kompyuta yanu yomwe, tsegulani External References, muchilozerenso kumene chili.

Musanapulinte, ikani IMAGEFRAME pa 2, kuti mkombero uzioneka pa sikirini koma usatuluke papepala. Kayeseni pa pulani imodzi, ndipo amene muyeso wachiwiri usemphane kwambiri, anditumizire manambala onse awiri tione limodzi.