Zitseko Zinatseguka, Koma Sanathawe

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a m'chigwa muno, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka? Dzuwa lathu lija lisanayambe kuotcha, tiyeni titsegule Machitidwe a Atumwi 16, ndime 25 mpaka 28.

Ku Filipi, Paulo ndi Sila anakwapulidwa, n'kuponyedwa m'chipinda cha m'kati mwenimweni mwa ndende, mapazi ali m'matangadza. Pakati pa usiku iwo ali pa nyimbo ndi pemphero, akaidi anzawo akumvetsera. Kunabwera chivomezi, zitseko zonse zinatseguka, maunyolo n'kumasuka. Woyang'anira ndende podzidzimuka anasolola lupanga kuti adziphe, poyesa kuti akaidi athawa. Paulo anamufuulira kuti asadzipweteke, onse alipo.

Nkhaniyi ndaimva kuyambira ku Sande sukulu, koma masiku ano chondigwira mtima ndi chakuti anthuwa sanathawe. Wina aliyense akanaliyatsa liwiro. Iwo anakhala phee, chifukwa chimene chitseko chikanawapatsa anali nacho kale pamene ankaimba ndi misana yotuluka magazi.

Amene anandithandiza kuimvetsa ndi madala ena okonza njinga kwathu kuno, pansi pa mtengo wa nimu pamene a kabaza amapumulira. Dzina ndilisunga. Anakhala m'ndende zaka zingapo atavulaza mnzawo pa mkangano wa ng'ombe zomwe zinalowa m'dimba. Tsiku lina akumata chubu cha njinga yanga ndinawafunsa chomwe chinawawawa koposa kumeneko. Ndinkayembekeza kumva za mgaiwa ndi nandolo, za nsabwe, za kuthithikana m'selo usiku wa mwezi wa Okutobala, inu mukudziwa kutentha kwake. Anapukusa mutu.

"Mwana wanga, zimenezo thupi limazolowera. Ndende yowawa ndinailowa nditatuluka."

Anandifotokozera kuti atamasulidwa sanabwerere kumudzi kwawo. Anakakhala kwa achibale kutali, n'kumauza anthu kuti zaka zonsezo anali ku Mozambique pa ntchito. Bodza limodzi linabala ana. Ankayenera kukumbukira dzina la bwana yemwe kulibe, ndi tauni yomwe sanaipondepo. Akaona munthu wakwawo pamsika ankakhotera kuseri kwa magolosale. Kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, pemphero lomaliza lisanathe iwo atuluka kale. Thupi nalo silinaiwale: akamva munthu akukuwa, mawondo ankafuna kunjuta okha monga ankachitira powerengedwa, ndipo madzulo dzuwa likapendeka mtima unkawauza kuti alowe m'nyumba, nthawi yotsekera yakwana.

"M'kati muja," anatero, "aliyense ankadziwa mlandu wanga. Tonse tavala foya, mphunzitsi, mbusa, wakuba mbuzi, palibe woposa mnzake. Ndinalibe choti ndibise, ndiye ndinkapemphera ngati mwana. Kunja kuno ndi kumene ndinaiwala kupemphera, chifukwa ndinkafika kwa Mulungu ndi nkhope yobwereka."

Nkhope yobwereka. Mawu amenewa sanandichoke, ndipo ndikuvomera kuti anandilasa ineyo. Ambirife sitinagonepo m'selo, komabe timadzuka m'mawa n'kuvala nkhope yoti igwirizane ndi maso a anthu. Wina akumira m'ngongole za katapila kuti pa chinkhoswe asamuseke. Wina akuseka ndi gulu lomwe mtima wake ukulikana. Mayi wina madzi a Freddy anamukokolera zonse mu 2023, koma mpaka lero sanalirepo poyera, poopa kuti anganenedwe wopanda chikhulupiriro. Palinso amene tasunga chakukhosi zaka khumi pa nkhani ya malire a munda, ndipo wotilakwirayo akugona tulo tabwino pamene ife tikutembenuka pamphasa.

Madala aja anamasuka Lamulungu lina pamene anabwerera kwawo, n'kuimirira pamaso pa mpingo miyendo ikunjenjemera. Ananena kumene anali ndi chimene anachita. Kuchoka apo anapita kwa munthu amene anamuvulaza uja, atatenga mfumu ndi mkulu wa mpingo, pakuti mlandu suola. Sikuti onse anawalandira. Ena mpaka lero amanong'ona akamadutsa, ndipo kanthu kakasowa pamudzi maso amayamba kugwera iwo. Zimawapweteka, sanabise. Koma akuti usiku umenewo anagona mpaka tambala wachitatu, koyamba chitulukireni.

Dziko lathu lili nawo anthu amene ndende inalephera kuwasandutsa china. Mayi Vera Chirwa anamangidwa mu 1981 pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa, naweruzidwa kuti aphedwe. Amuna awo anamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo iwo anatuluka mu 1993. Munthu wotere akanati asadzamvenso liwu loti ndende, ndani akanamudzudzula? Koma anapereka zaka zawo zotsatira kumenyera ufulu wa anthu, n'kumayendera ndende za m'maiko a mu Africa kuona momwe akaidi akukhalira. Anabwerera pa zitseko zomwezo mwa kufuna kwawo. Ndikawakumbukira ndimaona Paulo ataima pa khomo lotseguka, akuganizira moyo wa munthu amene anamutsekera.

Pajatu usiku womwewo woyang'anira ndende uja anatenga Paulo ndi Sila n'kuwatsuka mabala, ndipo iye ndi a pabanja pake anabatizidwa. Akanathawa, bamboyo akanafa ndi lupanga lake lomwe. Yesu pa Yohane 8:36 akunena kuti amene Mwana wamumasula ndi mfulu ndithu, ndipo ankalankhula ndi anthu oyenda okha mumsewu, omwe ankadzitama kuti sanakhalepo akapolo a munthu.

Musanatenge khasu kupita kudimba, musanakwere njinga kulowera ku Nchalo, muuzeni Mulungu chinthu chimodzi chomwe mwakhala mukubisa, m'mawu anuanu, kaya m'Chisena kaya m'Chimang'anja. Ndipo ngati pamudzi panu pali wotuluka kundende, lero mupatseni moni pomutchula dzina lake.

Tipemphere. Atate, kumbukirani abale athu amene adzuka m'ndende za Chikwawa, Nsanje ndi Chichiri m'mawa uno, olakwa ndi osalakwa omwe, ndi amene akhalitsa pa rimandi osaonekera kukhoti. Kumbukirani akazi ndi ana awo amene akulima okha. Limbitsani otuluka amene akuopa kubwerera kwawo, ndipo fewetsani mitima ya owalandira. Ifenso tichotseni nkhope zobwereka, tibwere kwa Inu monga tilili. Takhuta, Ambuye. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.