Kuyenda m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata kumbuyoko, sendererani kuno, mawu anga safika patali.

Nditanena sabata yatha zoti tikayende m'nkhalango, agogo ena anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ife tayenda moyo wathu wonse, kumunda, kuchigayo, kumjigo, ndiye lero tikayendenso popanda chokatenga?" Sindinaseke, chifukwa funsolo ndi lomveka. Koma wopita kuchigayo amayenda thumba lili pamutu, maso ali pansi, mtima uli pa ufa. Ulendo ndikunenawu ndi woyenda manja ali lende, maso ali m'mwamba.

Malo ake ndi Lilongwe Nature Sanctuary, nkhalango ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa msewu wa Saulos Chilima, umene kale unkatchedwa Kenyatta. Ambirife timangoiona pa windo la minibasi. Chikhalireni Lilongwe likulu la dziko mu 1975, nyumba zamera mbali zonse, koma kachigawo aka kanatsala ndi mitengo yake, ndipo mtsinje wa Lingadzi umadutsa mkati mwake. M'menemo mulinso Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa. Pachipata pamakhala kandalama kolowera, ndiye musabwere chimanjamanja.

Njira zake ndi zozungulira. Mumayambira apa, mumazungulira, n'kudzatulukira pomwe munayambira paja, osabwereza mapazi anu. Ndipo ndi pachidikha. Musaganize za phiri la Bunda kapena la Nkhoma kumene mawondo amalira. Aliyense amene amatha kufika kutchalitchi wapansi akhoza kuyenda m'menemu, ngakhale ndi ndodo.

Tsopano chimene chimavuta anthu ambiri si miyendo ayi, ndi pakamwa. Timalowa m'nkhalango ngati tikupita ku chinkhoswe, nkhani zili pakamwa, foni ikuimba nyimbo m'thumba, ndiye potuluka timati, "Mulibe kanthu m'menemo." Zilimo, koma zinakumvani kalekale. Mbawala ndi gwape ndi nyama zamantha. Zikamva phokoso zimangoima duu m'tchire inu n'kudutsa. Yendani pang'onopang'ono, muziima pansi pa mthethe kapena mkuyu, mumvetsere. Mbalame ziyamba zokha. Apusi okha ndiwo sachita manyazi, ndipo chonde musawapatse nthochi kapena mandasi. Pusi wozolowera chakudya cha anthu amayamba kulanda, mapeto ake amaluma mwana.

Pali zina zoti ndinene mosabisa. Mu Lingadzi muli ng'ona. Madzi akaoneka odekha musatsikire kukasamba m'manja, ndipo ana muwagwire dzanja mukafika kumene njira yayandikira gombe. Musapatuke kulowa m'thengo. Amene chitedze chinawayabwapo akudziwa chimene ndikunena, ena onsenu funsani anzanu. Nthawi ya dzinja yang'anani pansi, chifukwa linthumbu likakukwerani mudzavina popanda ng'oma. Mukaona njoka, imani, bwererani m'mbuyo, ipita yokha. Si ntchito yanu kuifunira mwala.

Valani nsapato zotseka, osati mapatapata, ndipo tengani botolo la madzi. Nyamukani m'mamawa, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo ine ndimaikonda, kunja kuli kozizira, matope atauma. Botolo likatha madzi mubwerere nalo kunyumba, pamodzi ndi majumbo anu.

Inu amene a dokotala anakuuzani za BP kapena shuga, bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa. Ulendo umodzi sukwaniritsa zonsezo, koma ndi poyambira. Mankhwala anu musasiye, ndipo mukamva chizungulire khalani pansi, mutiuze, tidikirana.

Agogo munafunsa aja, Loweruka likubwerali mudzakhale patsogolo ndinu, chifukwa mayina a mitengo imene achinyamatawa sadziwa muli nawo ndinu. Ofuna kupita kwezani manja, mlembi alembe, tione ngati minibasi imodzi ikwana.