Za mazira anga aja, nkhani yomwe ndakhala ndikuizemba

Moni moni abale anga kulikonse komwe mukumvera, a ku Manchester, a ku Leeds, a ku Dublin, a ku Joni, ndi inu a kumudzi omwe mumadandaula kuti ma episode anga amatha bandulo. Lero ndikujambulira kuno ku Zomba, kwa amayi ku Chinamwali, nde mukamva njinga zamoto kapena tambala musadabwe, situdiyo yake ndi pakhonde. Chitchulireni kuti ndili pa thandizo la kuchipatala mauthenga anu sakutha pa WhatsApp, ena mpaka kufunsa ngati ndili ndi khansa. Ayi ndithu, sindikudwala. Ndinali pa IVF, ndipo lero ndikuuzani za tsiku lomwe anandichotsa mazira. Akunyumba ndawapempha, avomera kuti ndinene zonse, ndi zawo zomwe.

Kwa omwe simukuidziwa, IVF ndi yoti madokotala amatenga mazira m'thupi mwa mayi, nkutenga umuna wa bambo, nkuzikumanitsa mu labu, kenako zikagwirana amabwezera m'chiberekero kuti mimba iyambe. Si zachilendo ngati mmene timaganizira kuno. Mwana woyamba wa IVF, Louise Brown, anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham, pafupi ndi Manchester komwe ine ndimakhala ku UK, ndimapitako pa tramu kukagula nsomba zouma kwa anzathu a ku West Africa. Madokotala ake anali Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, ndipo Edwards analandira Nobel mu 2010. Nde mwanayo pano ndi mzimayi wamkulu kuposa ine, ali ndi ana akeake.

Tiyambe ndi ndalama chifukwa ndi pomwe ambiri a ife obwera timagwa nayo. Ukamamva kuti ku UK chipatala ndi chaulere umaganiza kuti chilichonse, eti? Ku England kuyambira 2017, ngati uli pa viza, olo unalipira ndalama ya zaumoyo ija timalipira popanga viza, IVF simalowamo. Malungo, BP, kubereka kumene, zonsezo NHS, zipatala za boma za kumeneko, ikuthandiza, koma kufuna mwana ulipira wekha. Ndipo olo kwa eni dziko zimatengera komwe ukukhala, malangizo a NICE, bungwe lomwe limalangiza zipatala za boma, amati mayi wosakwana zaka 40 apatsidwe maulendo atatu koma madera ambiri amapereka umodzi. Ku kiliniki ya pulaiveti ulendo umodzi utha kufika mapaundi 5,000 kapena kuposa, ndipo mankhwala nthawi zambiri amawerengera padera, kusunga mu firiji padera, chilichonse padera. Ine ndi wa ntchito ya care, yosamalira okalamba, akunyumba ndi a mu warehouse. Ndalamayo inachokera ku ma shifiti a usiku ndi chipereganyu cha amayi a kutchalitchi omwe ankadziwa kuti ndikumanga nyumba ku Matawale. Nyumbayo ili pa windo mpaka lero, ndadutsako dzulo, mwamera udzu.

Tisanayambe anatiyeza tonse awiri, ndipo apa amuna omwe mukumvera khalani tcheru. Zaka zonsezi amene ndimamwa mankhwala ndi ine, amene ndimapita ku mapemphero a kuphiri ndi ine, amene azakhali anandipititsa kwa asing'anga cha ku Jali ndi ine, amene pa maliro amandiyang'ana pamimba ndi ine. Zotsatira zitabwera, inde chubu changa chimodzi chodutsamo mazira chinali chotsekeka, koma nawonso akunyumba umuna wawo unali wochepa komanso wosathamanga bwino. Kuyeza kwa bambo ndi kabotolo basi, palibe singano palibe chani, koma kuti bambo wa chiMalawi alowe m'kachipinda kaja ndi kabotolo m'manja, abale inu, nkhondo. Amaopa kuti anthu aziti anagwa mu mpapaya. A WHO mu 2023 ananena kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko amakumana ndi vuto losabereka pa moyo wake, amuna ndi akazi omwe, nde tiwerengetu pa mpingo wathu kuti ndi angati akungovutika chamumtima. Chifukwa cha vuto la akunyumbalo anatiuza kuti tipange ICSI, yomwe amasankha mbewu imodzi nkuibayira mkati mwa dzira ndi kasingano kosaoneka ndi maso. Imeneyonso mtengo wake padera, mwadziwa kale.

Kenako majakisoni. Mwezi uliwonse thupi limakhwimitsa dzira limodzi, nde mankhwalawa ntchito yake ndi kukakamiza kuti akhwime ambiri nthawi imodzi. Umadzibaya wekha pamimba, pansi pa mchombo, tsiku lililonse nthawi yomweyomweyo kwa masiku pafupifupi 10 mpaka 12. Ine amene ndinkathawa katemera ku pulayimale! Jakisoniyo ali ngati cholembera, kasingano kake kakang'ono, sikapweteka kwenikweni, chovuta ndi kubisa. Timakhala nyumba yogawana ndi banja lina la kwathu konkuno, firiji imodzi, nde mankhwala ndinkawaika m'kontena ya ayisikilimu nkulemba pamwamba kuti thelere, chifukwa ndinkadziwa kuti ana awo thelere sangaligwire. Ku ntchito ndinkadzibaya mu toileti ya ma staff nthawi ya break. Lamulo la kumeneko silikakamiza bwana kukupatsa tchuthi cha IVF, nde ma sikani onse aja ndinkapita nditangoweruka shifiti ya usiku, maso ali gwa, kukagona pa bedi lija miyendo m'mwamba. Sikani yake si ya pamimba ayi, amalowetsa kachipangizo kunjira ya amayi nkumawerenga timatumba ta mazira pa sikirini, kuyeza kukula kwake, akufuna tifike cha m'ma milimita 18. Manyazi amatha tsiku lachiwiri.

Mimba imatupa, thalauza la yunifolomu linasiya kutseka, ndipo ukamanyamula agogo aja pa bedi umamva kulemera mbali zonse ziwiri. Mtima nawonso sukhala m'malo. Ndinalira chifukwa akunyumba anamaliza chigumu chomwe ndinasunga, kulira kwenikweni kofwenthera, iwo angoti kakasi.

Timatumba tija tikakula amakupatsa jakisoni womaliza, amati trigger, ndipo ameneyu alibe za nthawi ya chiMalawi. Amakuuza ola ndi mphindi, chifukwa mazira amawachotsa patatha maola pafupifupi 36, ukachedwa kapena kufulumira mazira atha kupezeka osakhwima kapena atatuluka kale, ndalama zonse zija zapita. Wanga anagwera usiku ndili pa shifiti, ndinatchera ma alamu pa foni yanga, ya akunyumba, mpaka ndinauza mnzanga wa ku Zimbabwe yemwe timagwira limodzi, munthu yekhayo ku ntchito amene ankadziwa. Alamu ikulira belu la chipinda china nalonso likulira, iye anangoti pita iwe, ndithana nawo. Mulungu amudalitse mtsikana ameneyo.

Tsiku lenilenilo tinadzuka kukadali mdima, osadya osamwa kuyambira usiku, osadzola perefyumu kapena mafuta onunkhira chifukwa amati fungo limasokoneza mu labu, nde ndinapita mbuu ngati ndikuchokera kuchigayo. Pofika amakufunsa dzina ndi tsiku lobadwa, nesi wina akufunsanso, dokotala wogonetsa akufunsanso, wa mu labu kudzera pa kawindo akufunsanso, poyamba ndinkaona ngati akundikayikira chifukwa cha dzina langa lovuta kutchula, koma ndi lamulo, kuopa kusokoneza mazira a anthu. Bungwe la HFEA lomwe limayang'anira makiliniki onsewa ku UK silisewera pa zimenezi. Akunyumba anawatengera mbali ina ndi kabotolo kawo, tinangoyang'anana nkuseka, panalibe chonena.

Anandiika kanula padzanja, dokotala wogonetsa akundifunsa kuti kwanu ndi kuti, ine ndikuti Zomba, Malawi, kuli phiri lalikulu, ndinayamba kufotokoza za Ku Chawe ndi ma strawberry omwe anyamata amagulitsa m'njira yokwera, sindinamalize. Zomwe zimachitika uli mtulo ndi zoti amalowetsa kachipangizo ka sikani kaja koma pano kali ndi singano yayitali yopyapyala, singanoyo imaboola khoma la njira ya amayi kukafika pomwe pali mazira, nkumayamwa madzi a m'katumba kalikonse, madziwo amapita kwa wa mu labu yemwe amafufuza dzira pa maikulosikopu. Sakung'amba pamimba, palibe zosoka. Mphindi 15 kapena 20 zatha. Ena amangowaledzeretsa pang'ono amamvako zina, ine sindinamve kanthu. Ndinadzuka ndikulankhula Chichewa kwa nesi wachizungu, akuti ndinkamufunsa ngati wathira madzi a nsima. Anandipatsa tiyi ndi bisiketi, ndipo salola kuti utuluke usanakodze, komanso pakhale munthu wokutenga chifukwa suyendetsa galimoto kwa maola 24.

Ululu wake unali ngati wa msambo koma wokulirapo, ndi timagazi pang'ono. Chomwe sanandichenjeze mokwanira ndi kudzimbidwa, abale, imwani madzi, idyani mapapaya ngati muli nawo, ife kumeneko papaya limodzi mtengo wake umachita kulibweza pa shelefu.

Nambala ya mazira omwe anapeza sindinena, ndipo ndachita dala. M'magulu a pa Facebook amayi amapikisana ndi manambala, wina 20 wina 4, wa 4 uja nkumalira usiku wonse, pomwe dzira lofunika ndi lomwe lakhwima nkugwirana. Chomwe muyenera kudziwa ndi choti nambala imatsika. Si katumba kalikonse kamakhala ndi dzira, si dzira lililonse lokhwima, okhwimawo si onse amagwirana ndi umuna, ogwiranawo si onse amafika tsiku lachisanu pomwe amati blastocyst. Nde m'mawa mwake foni imalira, nambala yobisika, wa mu labu akukuuza kuti atsala angati, patapita masiku aimbanso atsala angati. Kwa ine masiku amenewo ndi omwe anali owawa kuposa singano zonse kuphatikiza. Uli ku ntchito ukumwetsa agogo phala, foni ili m'thumba, ukungoimvera. Ndipo kwathu kuno ukadwala anthu amadzaza nyumba, wina wabwera ndi thobwa wina akukuchapira, koma iyi ndi nkhani yoti sunauze munthu, nde uli wekha m'kachipinda, hita ikudya magetsi, panja mvula ya ku Manchester yosakata ija.

Ine sanandibwezere pompo. Timatumba tinachuluka, mimba inatupa kwambiri, nde anaopa matenda omwe amati OHSS, pomwe thupi lachita mopyola ndi mankhwala aja madzi nkumadzadza m'mimba, zikafika poipa munthu amabanika mpaka kugonekedwa. Mukamva kupuma movutikira, kusanza, mkodzo kuchepa, musamwe panado nkugona, imbani ku kiliniki. Nde ma embryo athu, mazira ogwirana ndi umuna aja, anawaumitsa mu nitrogen wozizira madigiri -196, ali ku Manchester pano ine ndili kuno ndikudya matemba a ku Chilwa. Kuyambira July 2022 lamulo limalola kusunga mpaka zaka 55, bola muzisaina chilolezo zaka 10 zilizonse, ndipo mumalipira chaka ndi chaka ngati lendi.

Mafomu a chilolezo amenewo ndi omwe anatikhazika pansi. Muli funso loti mmodzi wa inu akamwalira kapena akadwala mutu osathanso kuganiza, ma embryo atani, mnzanuyo apitirize kuwagwiritsa ntchito kapena awataye. Akunyumba anangoika cholembera pansi nkuti zamalodza izi. Ife tinazolowera kuti nkhani zoterezi ndi za ankhoswe ndi eni mbumba, pano tili awiriwiri ndi nesi akudikira siginecha. Tinapempha kuti tikaganize kunyumba, tinakangana, tinasaina.

Amayi ndawauza sabata yomwe ino tikusenda mbatatesi. Anakhala chete nthawi yaitali kenako akuti, nanga mwanayo adzakhala wa ndani? Ndinati wanga ndi apongozi anu amayi, dzira langa, mbewu yawo, kungoti zakumanira kuchipatala. Akuti basi palibe mwamuna wina walowapo? Ndinati palibe. Akuti aaa, nde zili bwino kusiyana ndi za fisi zomwe ankachita makolo athu, mwamuna wachilendo kulowa m'nyumba usiku. Kenako anayamba kundikalipira kuti ndinapita bwanji kokagonetsedwa osawauza, ukanapanda kudzuka ine ndikanamva kwa ndani iwe? Pamenepo ndinalibe yankho. Funso lawo lina linali loti anawo sakuzizidwa mu firijimo, ndipo mpaka pano sakukhutira ndi zomwe ndinawayankha.

Kwa apongozi anga a ku Domasi sitinanene, imeneyo ndi ntchito ya mwana wawo, ndamuuza kuti ine sindimulankhulira. Ndikabwerera mwezi wamawa tiyamba mankhwala okonza chiberekero kuti abwezere imodzi, kenako kudikira masabata awiri tisanayeze. Zikayenda kapena zikapanda kuyenda ndidzanena nthawi yomwe ndafuna ineyo, chonde musandifunse mu inbox. Koma mafunso a mitengo, a viza, a momwe mungauzire amuna anu za kabotolo kaja, tumizani ma voice note, sinditchula maina. Episode yamawa tikamba zotumiza katundu pa kontena, chifukwa dramu yomwe ndinatumiza Isitala isanafike ndaipeza isanafikebe.