Osati M'chaka Chimodzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Eksodo 23:29-30.

Aisraeli ali patsinde pa phiri la Sinai, angotuluka kumene mu Iguputo. Dziko lamalonjezano angolimva ndi makutu, phazi silinapondeko. Mulungu akuwauza za Ahivi, Akanani ndi Ahiti okhala m'dzikomo, ndipo akunena mawu amene ambirife sitikonda kuwamva. Akuti sadzawathamangitsa onse m'chaka chimodzi. Adzawachotsa pang'onopang'ono, kufikira Aisraeli atachuluka mokwanira kulidzaza dzikolo.

Chifukwa chake anachitchulanso: dziko lingasanduke bwinja, zilombo zakuthengo n'kuwachulukira. Mose anabwereza zomwezi pa Deuteronomo 7:22, anthu ali pafupi kuwoloka Yorodano.

Taganizirani. Mphamvu zosesa adani onse usiku umodzi Mulungu anali nazo. Si yemweyo anagawa nyanja pakati? Koma anaona midzi yopanda anthu, zitsime zopanda wotunga, minda yopanda wolima. Munda ukakula kuposa manja a mwini wake umamera tchire, ndipo m'tchire ndi mmene mumagona zilombo. Kuchedwa kumene Aisraeli akanakuona ngati kuwamana kunali kuwateteza. Dziko linali lokonzeka kale, eni ake ndiwo anali asanakule.

Mawu amenewa amandikhudza chifukwa ndikudziwa kupweteka kwa kudikira. Wina akubweza ngongole mwezi ndi mwezi, koma akayang'ana yotsala mtima umangoti fwa. Wina wabwerera kusukulu ali wamkulu kale, amadzuka ana asanadzuke, kuwerenga ndi tochi ya foni mphindi makumi atatu, kenako n'kutseka buku kuti ayambe ntchito za tsiku. Wina akulimbana ndi chizolowezi chimene chamumanga zaka zambiri. Tonsefe timapemphera kuti zithe lero. Nanga zikanathadi lero, tikanatha kuzisunga? Miyambo 13:11 imati chuma chobwera mofulumira chimatha, koma wosonkhanitsa pang'onopang'ono amachichulukitsa. Amene wabweza ngongole movutikira amatulukamo ataphunzira kudziletsa. Amene wangoikhululukidwa osaphunzirapo kanthu, kawirikawiri chaka chamawa amapezeka m'dzenje lomwelo.

Ine ndinaziona pa nkhani yowerenga Baibulo. Kwa zaka zingapo ndinkayamba ndi moto, machaputala khumi kapena kuposa tsiku limodzi. Sabata ziwiri zikatha ndinkapezeka ndaima, buku latsekedwa, mtima ukundiimba mlandu. Tsiku lina ndinakhala pansi ndi pensulo. Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189. Kuwagawa pa masiku 365, amakwana atatu kapena anayi patsiku. Basi. Ndinalemba mayina a mabuku onse kuseri kwa kope, ndipo ndikamaliza chaputala ndinkachonga. Masiku ena ndinkawerenga maso akulemera ndi tulo, osamvapo chilichonse chokoma. Masiku ena ndinkaphonya, koma m'mawa mwake ndinkapitiriza pomwe ndinalekezera, osabwereranso ku Genesis ngati kale. Chaka chimenecho ndinafika ku Chivumbulutso. Akuluakulu sananame, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Komabe tisamalepo apa, chifukwa mawu akuti "pang'onopang'ono" ulesi umawakonda kwambiri. Pa Yoswa 18, anthu atasonkhana ku Silo, mafuko 7 anali asanalandirebe cholowa chawo. Yoswa sanawayamikire kuti ndi odekha. Anawafunsa kuti adzazengereza mpaka liti osapita kukatenga dziko limene Mulungu wawapatsa. Ndiye anawauza kuti asankhe amuna atatu pa fuko lililonse, akayendere dzikolo ndi kulemba mmene lilili. Woyenda pang'onopang'ono ndi wongokhala amaoneka ofanana mukawayang'ana tsiku limodzi. Dikirani miyezi isanu ndi umodzi, mudzawasiyanitsa. Funso loti tidzifunse moona mtima ndi ili: sabata yathayi, ndachitapo chiyani chogwirika pa chinthu chimene ndimachipempherera?

Kalebe anali ndi zaka 40 pamene Mose anamutuma kuchokera ku Kadesi Barinea kukazonda dziko. Anabwera ndi mawu olimbikitsa, ndipo analonjezedwa malo amene anapondapo. Anadikira zaka 45, zambiri mwa izo akuzungulira m'chipululu chifukwa cha kusakhulupirira kwa anthu ena. Ali ndi zaka 85 anapita kwa Yoswa kukapempha phiri lija, la ku Hebroni, ngakhale kunali Aanaki, anthu ataliatali amphamvu, ndi mizinda yamalinga. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti anati mphamvu zake zinali zikadali monga tsiku lomwe anatumidwa. Munthu sasunga mtima wotere zaka 45 mwangozi. Amadzuka nawo m'mawa uliwonse, ngakhale m'mawa umene palibe chikusintha.

Mwina inu m'mawa uno mwatopa, mukuona anzanu amene munayamba nawo limodzi atapita patali. Musasiye, m'bale wanga, mlongo wanga. Tsegulani tsamba limodzi lija. Patulani kangachepe kaja musanayambe kugula zina. Imbani foni ija mwakhala mukuizengereza.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, mukudziwa chimene aliyense wa ife akulimbana nacho, ndipo mukudziwa mmene mitima yathu imafulumirira. Tikhululukireni pamene tadandaula kuti mwachedwa, komanso pamene tangokhala n'kumati tikudikira Inu. Tikulitseni kuti tikwane m'zimene mwatikonzera, zilombo zisatipeze tili ochepa. Tipatseni mphamvu ya ntchito ya lero. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera, Ameni.