Ma libertarian: kodi ndi anzawo a makampani a malasha?

Moni nonse, a ku Ulongwe, a ku Moatize, ndi inu muli ku Joni. Dinani kaye subscribe, sizitha data.

Choyamba, mwachangu. Ma libertarian amati thupi lako, thukuta lako ndi katundu wako ndi zako. Boma lizigwira akuba, liziweruza milandu, basi. Ena, ngati katswiri wa zachuma wa ku America Murray Rothbard, ankati bomalo lichokeretu.

Chachiwiri, alipo kuti? Ku America chipani chawo chinayamba mu 1971, upulezidenti sichinaulawepo. Ku Argentina, wa libertarian Javier Milei anapambana upulezidenti mu 2023 atayenda m'misonkhano ndi makina ochekera mitengo, akuti adulira ndalama zomwe boma limawononga.

Chachitatu, ndipo apa khalani pansi, pali bodza lomwe limanditopetsa. Akuti anthu amenewa ndi oyankhulira olemera, akanakhala kuno bwenzi akuombera m'manja makampani a malasha. Ayi ndithu! Kuno ku Mozambique malo onse ndi a boma, malamulo amatero. Mlimi ali ndi DUAT, ufulu wongogwiritsa ntchito malowo, kugulitsa sangagulitse. Ndiye kampani ya migodi ya Vale itafuna malasha a ku Moatize, mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,000 anasamutsidwira ku Cateme ndi ku dera lotchedwa 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 a ku Cateme anachita kutseka njanji ndi mkwiyo. Mukuganiza kuti wa libertarian angasekerere zimenezi? Kwa iye munda ndi wa mwini wake amene waulima. Kampani ikaufuna, ipite pakhomo pa agogo, iodire, itchule mtengo. Agogo akati sindigulitsa, nkhani yathera pompo, malashawo akhale pansi pomwepo. Kampani yodzera ku ofesi ya boma kuti ipeze malo a munthu, iwo amati kumeneko ndi kulanda. Tsutsanani nawo pa zina, koma pa ichi musawanamizire, chonde.

Chachinayi, maganizowa angakope ndani kwathu kuno? Mayi wa geni wotopa ndi mapepala pa chipata cha Zóbuè, anyamata a ndalama ya pa intaneti ya Bitcoin, mwinanso agogo amene akukumbukira kukusidwira m'ma aldeia comunal, midzi yokhazikitsidwa ndi boma, nthawi ya Samora Machel.

Ine pomwe sandikhutiritsa ndi apa: chipatala cha kumudzi ku Chifunde, komwe phindu kulibe, amange ndani? Ndiyankheni m'ma comment. Sabata yamawa tikambirana za DUAT, uzani achimwene anu asaphonye.