Age of Empires II: Zokoma, Zokhumudwitsa, ndi Bodza la Zala Zothamanga

Gemu iyi inatuluka mu 1999, koma mpaka lero anthu akuswanabe nayo pa intaneti usiku ndi usana. Age of Empires II. Lero tiona zomwe inakonza poyerekeza ndi yoyamba ija, tiona pomwe imakhumudwitsa, kenako tithane ndi bodza limodzi lomwe likuwopseza achinyamata ambiri muno mu Blantyre kuti asaiyambe n'komwe. Bodza limeneli limandiwawa, ndiye musachoke, tifikapo.

Mwaswera bwanji nonse? Amene mwabwera koyamba, batani la subscribe lili pansipo, dinani tizipita.

Mwachangu, kwa amene simunaigwirepo. Yoyamba inatuluka mu 1997, anaipanga ndi a Ensemble Studios, oifalitsa ndi a Microsoft. Yachiwiriyi inabwera ndi mitundu ya anthu 13. Yomwe mukuona pa sikirini apa ndi Definitive Edition ya 2019, yachiwiri yomweyi koma yokonzedwanso. Mumayamba ndi ma villager (anthu ogwira ntchito) atatu, wapakavalo mmodzi wozonda dziko, ndi Town Center, nyumba yaikulu yomwe imatulutsa ma villager. Mumasonkhanitsa chakudya, mitengo, golide ndi miyala, mumakwera nyengo zinayi, mumapanga asilikali, mumagwetsa mnzanu. Palibe kupatsana mpata, nonse mukusewera nthawi imodzi. Basi, tapitirira.

Zokoma. Choyamba, inamva madandaulo a anthu. Yoyamba ija itangotuluka inkakulolani anthu 50 okha, iyi inafika 200. Asilikali anayamba kuyenda pa mzere. Mipanda inakhala ndi zipata. Adani akakudzidzimutsani, mumaliza belu, ma villager amathawira mu Town Center n'kumaponya mivi ali mkati. Inabweretsanso batani lokupezerani villager amene wangoima osagwira ntchito. Likumbukireni batani limeneli.

Chachiwiri, msilikali aliyense ali ndi womuopa. Knight, msilikali wapakavalo, amadya chakudya 60 ndi golide 75. Wamkondo amangofuna chakudya 35 ndi mitengo 25, golide ayi, koma amikondo akachuluka akavalo amagwa ngakhale anadula chotere. Amikondowo amaopa amauta, amauta nawo amaopa oponya nthungo. Ndiye wosauka woganiza bwino amatha kugwetsa wolemera.

Chachitatu, apa ndiye pamtima panga. Mu 2015 anawonjezera The African Kingdoms, yokhala ndi anthu a ku Mali, a ku Ethiopia, ma Berber ndi Apwitikizi. Mumasewera nkhani ya Sundjata, amene anakhazikitsa ufumu wa Mali. Taonani amayi awa pa sikirini, amatchedwa ma Gbeto, amaponya mipeni ali patali, ndipo amathamanga. Kuona mfumu ya ku Africa ikutsogolera nkhani yakeyake mu gemu yotchuka chonchi kumasangalatsa. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti pa mitundu inayi ija panalibe wa kuno kummwera. Great Zimbabwe ndi makoma ake amiyala aja, ufumu wa Maravi, zonsezo zikanakwana bwinobwino.

Tsopano zokhumudwitsa. Choyamba, kayendedwe ka asilikali. Onani apa: ndawauza ma knight kuti amenye amauta awa, koma awiri abwerera kaye mmbuyo kukakonza mzere uku akulasidwa. Opanga akhala akuzikonza, koma vutoli limabwerabwera.

Chachiwiri, nkhondo ya pamadzi. Kwa ine ndi yozizira. Ndadutsa.

Chachitatu ndi chathu chakuno. Definitive Edition imadya ma GB ambiri, ndiye bandulo ya foni musayese, pezani wifi. Zithunzi zapamwamba zowonjezera zija n'zosakakamiza, laputopu yogula yogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe musaizunze nazo. Ndipo magetsi akathima kapena netiweki ikaduka muli mkati mwa gemu ya ranked (ya pa intaneti yowerengera mapointi), amakuwerengerani kuti mwagonja, ngakhale munali mutamufinya kale mnzanuyo. Tchajani laputopu musanayambe.

Musanaiwale, dinani like, imathandiza kuti vidiyoyi ifikire anzathu ena. Tsopano bodza lija.

Mumamva anthu akuti, “Amwene, gemu imeneyo ndi ya anthu a zala zothamanga, ine sindingathe.” Ndinamva mawu amenewa kwa mnyamata wina wa ku Ndirande, wanzeru zake, wophunzira za uinjiniya. Anaonera akatswiri pa YouTube sikirini ikudumphadumpha, n'kugwa mphwayi asanaiyambe. Ayi! Bodza! Ongoyamba kumene sagonja chifukwa cha zala. Amagonja chifukwa Town Center yawo imaima.

Tiyeni tiwerengetse limodzi. Villager mmodzi amafuna chakudya 50, ndipo amatuluka pa masekondi 25 a wotchi ya mu gemu. Mukaiwala Town Center kwa mphindi zisanu, mwataya ma villager 12. Aliyense amabweretsa zinthu pafupifupi 20 pa mphindi. Kuphatikiza, ndi 240 pa mphindi iliyonse mpaka gemu kutha, zomwe zikanakupatsani pafupifupi ma knight awiri pa mphindi. Town Center yoima ili ngati minibasi yongokhala pa siteji ku Limbe yopanda okwera: galimoto ilipo, dalaivala alipo, koma madzulo bwana salandira kanthu.

Ndiye ndikufunseni, kuti Town Center isaime pakufunika liwiro lanji? Kudina kamodzi pa masekondi 25. Mukhozanso kuika ma villager angapo pa mzere n'kupita kukachita zina. Agogo anu angathe zimenezo. Chovuta n'kukumbukira, osati kuthamanga.

Onani magemu awiri awa omwe anzathu a m'gulu lathu la WhatsApp anandilola kuonetsa. Kumanzereku, mausi sikupuma. Akuthamangitsa kavalo wozonda uja, akuzunguliza amauta asanu, akudina malo amodzi kangapo. Koma yang'anani pakona apa: ma villager angoima chiimire, nyumba sanamange, ndiye Town Center yatsekeka chifukwa anthu alibe pogona. Nyumba imodzi ndi mitengo 25 yokha, imasunga anthu asanu! Kumanjaku, munthu akusewera modekha, mwina mungaganize kuti wagona. Koma nyumba akumanga isanafunike, ma villager akutuluka mosadukiza. Ikafika Castle Age, nyengo yachitatu, taonani gulu la akavalo lomwe likutuluka. Wothamanga uja amauta ake akuwavinitsa bwino ndithu, koma ndi asanu.

Wina alemba mu ma comment kuti, “Nanga Hera? Nanga Liereyy?” Zoona, pamwamba penipeni liwiro limathandiza, akatswiri a gemuyi amenewo amazemba mivi ndi msilikali mmodzimmodzi. Koma iwowo onse anamaliza kale nkhani ya chuma, ndiye chotsala chowasiyanitsa ndi tinthu ting'onoting'ono. Inu ndi ine sitinafike kumeneko. Ndipo ngakhale kumeneko, muonereni DauT wa ku Serbia. Anthu amamudziwa kuti si wothamanga zala ngati achinyamatawo, koma mu 2021 anapambana mpikisano wa Red Bull Wololo III ali ndi zaka zopitirira 30. Amadziwa pomanga castle, nthawi yomenya ndi nthawi yothawa.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti bodzali limadyetsa anthu ndalama. Munthu akusunga ndalama za mausi ya magetsi amitundumitundu, akuganiza kuti ndiyo imupambanitse. Mausi wamba ya pamsika ikukwanira. Ndalamazo gulirani bandulo.

Ndiye chochita n'chiyani? Tsegulani gemu yolimbana ndi kompyuta.

Choyamba, gemu ikangoyamba, ikani ma villager pa mzere mu Town Center, atatu aja amange nyumba ziwiri.

Chachiwiri, asanu ndi mmodzi oyambirira onse apite pa nkhosa, pansi pa Town Center pomwepo kuti asayende mtunda. Chiwerengero chimenechi si chongopeka: ndi chomwe chimabweretsa chakudya chokwanira kuti villager wina azituluka osadukiza. Iphani nkhosa imodzi nthawi imodzi, chifukwa nyama ya nkhosa yophedwa imawola pang'onopang'ono. Anayi otsatira apite ku mitengo. Kenako tumani mmodzi akalase nguluwe n'kuthawira nayo kunyumba, anzake aimalize. Nguluwe imodzi ili ndi chakudya 340, nkhosa ili ndi 100. Poyamba villager wanu adzaphedwa ndi nguluwe, musataye mtima, yambiraninso.

Chachitatu, batani la ongoima lija. Lidineni pafupipafupi.

Chachinayi, mukafika anthu 21 kapena 22, muli ndi chakudya 500 komanso mwamanga mill (posiyira chakudya) ndi lumber camp (posiyira mitengo), kwerani Feudal Age, nyengo yachiwiri. Mu Definitive Edition muli gawo lotchedwa The Art of War lomwe limakuyesani zomwezi ndi wotchi, ndipo limakupatsani mendulo. Ambiri amalidumpha, inu musalidumphe.

Gemu ikatha musatseke msanga. Tsegulani ziwerengero, muone ma villager anu anafika angati, mulembe nambalayo mu ma comment pamodzi ndi dera lomwe muli, kaya ndi Chilomoni, Bangwe kapena Zingwangwa, kuti tikupezereni anzanu oyandikana nawo osewera nawo. Linki ya gulu la WhatsApp ili pansipa. Sabata yamawa tikutenga anthu a ku Mali, tione mmene kutchipa kwa mitengo pa zomanga zawo kumakuthandizirani kufika msanga pa ma Gbeto. Dinani kabelu kuti isakudutseni.